Nsapato Yakumanzere ya a Kalaliki

A Kalaliki anapuma pa ntchito kalekale, koma tayi yawo sinauzidwe. M'mawa uliwonse inkapezeka pakhosi, yomangidwa bwinobwino, chikwama chakuda chili m'khwapa, mwini wake akutsika masitepe a nyumba yosanja kulunjika kudoko kukakwera boti la khonsolo lopita kutsidya, komwe kuli maofesi. Ankakhala ndi mwana wawo wamkazi, namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo, pamodzi ndi mkamwini ndi adzukulu. Namwinoyu anafunsapo tsiku lina kuti kodi ndi ntchito yanji imene munthu amapitabe atalandira kale wotchi yotsanzikira. A Kalaliki anayankha kuti kuofesi kuli mafayilo ena amene samveka popanda iwo. Mwanayo anawayang'ana monga amayang'anira odwala olumbira kuti mankhwala akumwa, koma anawasiya.

Kunena zoona, kuofesi kunalibe fayilo yowasowa. Akatsika boti, a Kalaliki ankakakhala pa benchi ya pabwalo la khoti, pansi pa mtengo, n'kumawerenga nyuzipepala ya dzulo. Dzuwa likawawotcha ankalowa m'khotimo kukamvera milandu ya eni ake, madzulo n'kubwerera kunyumba ndi nkhope ya munthu wotopa ndi boma. Chimene chinkawawolotsa madzi tsiku ndi tsiku sichinali fayilo. Inali silipasi yobiriwira.

Dera lawo linapanikizika pakati pa madzi ndi msewu waukulu. Kale kunali asodzi ndi onyamula katundu padoko. Kenako khonsolo inamangira antchito ake nyumba zosanja, antchitowo anabereka, ana awo nawonso anabereka, zipinda zinayamba kudulidwa ndi makatani ndipo makhonde anasanduka nyumba za lendi. Masiku ano kumtunda kwamera nyumba zamagalasi za anthu a magalimoto, amene madzi amawafuna owonera pazenera basi. Kutsidya amapita kudzera pamlatho. Pa mapu a khonsolo, dera lonselo ndi la okalamba ndi eni magalimoto, chifukwa alendi a m'makhonde saoneka pa mapu, ndipo anthu a kalembera akabwera, alendiwo amasanduka alendo ongodzacheza.

Doko lenilenilo linalibe denga. Khonsolo inalonjeza shedi, inabwera ndi bandi yoimba malipenga, n'kuyala mwala wa maziko. Mwalawo unangotsala pomwepo, ndi umene a Ketulo, mayi wa tiyirumu ya padoko, amatsukirapo makapu. Ndiye anthu atatopa ndi kuima padzuwa ndi pamvula, anapeza njira yawo. Nyumba iliyonse inali ndi nsapato ya pamzere, yakutha, yopanda inzake. Kukacha munthu amatsika, amaika nsapato yake kumbuyo kwa imene waipeza, n'kubwerera kukasamba, kukasita, kukakalipira ana. Nsapato ndiyo imadikira. Boti likaliza hutala, anthu amatuluka m'makomo ngati ngumbi, aliyense n'kukaima pa nsapato yake, kuitola, kuiponya mu mgolo wa a Ketulo, n'kukwera mwadongosolo loti ngakhale asilikali angasirire. Anthu a m'derali atha kukuberani magetsi, atha kukutayirani madzi otsukira mbale kuchokera pamwamba, koma nsapato ya mnzawo sakhudza.

M'botimo mabenchi amadzaza motsatira mzere. Amene nsapato yake yatsatana ndi yanu ndiye amene mukhale naye phewa ndi phewa mpaka kutsidya.

Silipasi yobiriwira inali ya mayi Telala, mayi wamasiye wosoka mayunifolomu pa kampani ina kutsidya, wa magalasi olendewera pachingwe ndi mapini angapo obayidwa pakolala nthawi zonse. Nsapato ya a Kalaliki inali yakumanzere, yofiirira, yoyasama kutsogolo ngati ikufuna kunena kanthu, ndipo pa ichi inafanana ndi mwini wake. Kwa zaka, a Kalaliki ankaima kuseri kwa katani m'chipinda chawo, tayi ili kale pakhosi, kudikira kuti mayiwo aike silipasi. Mayi akangotembenuka, mkuluyu ankatsika masitepe mwaliwiro limene adokotala a maondo anawaletsa. Masiku ena ankapeza a Butchala, chimunthu chachikulu cha pabutchala ya pakona, atalowetsa kale gambutsi yawo pakati. Pamenepo a Kalaliki ankawerama ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kuikankha gambutsiyo pang'onopang'ono ndi chidendene. Linali tchimo lalikulu kwambiri m'deralo, ndipo ankalichita ndi mtima woyera.

Zonsezi ankazivutikira chifukwa cha macheza amene munthu wina sangawatche macheza. Boti likanyamuka, a Kalaliki ankati lero madzi ali phee, mayi Telala n'kuvomera kuti ali phee ndithu. Kukakhala mphepo, ankati lero akwiya, mayiwo n'kuvomera kuti akwiya ndithu. Kamodzi kokha ndi pamene zinthu zinapita patali. Mayi Telala anaona batani la jekete likulendewera, anasolola singano pakolala, nalisoka pompo jekete lili m'thupi, n'kudula ulusi ndi mano pafupi ndi chifuwa cha mwini wake. A Kalaliki tsiku limenelo sanamve mlandu ngakhale umodzi kukhoti. Patapita masiku anayesa kumasula batani lina ndi lezala kuti mwayi ubwerenso, koma anadula mopitirira, batani linagwera m'madzi asanakhale n'komwe pansi.

Moyo ukanapitirira chomwecho khonsolo ikanapanda kuyang'ana mapu ake. Wina kumeneko anafunsa kuti kodi dera la okalamba ndi eni magalimoto likufuniranji boti la m'mawa, ndipo funsolo linabereka komiti, komitiyo n'kutumiza munthu. Anthu anamutcha bwana Kafukufuku. Anafika ndi mpando wopinda, chipewa ndi buku, anakhala moyang'ana doko, naona nsapato. Anadikira, nsapato zinachuluka. Hutala italira ndipo anthu atayamba kukhamukira padoko, bwanayo anatseka buku n'kupinda mpando. A Ketulo, amene anamupatsa tiyi waulere poganiza kuti akugula mtima wa boma, anamufunsa kuti bwanji akuchoka anthu atangofika kumene. Iye anafotokoza mwaulemu kuti anatumidwa kudzawerenga anthu odikira boti. Anthu okwera boti ndi a nthambi ina, ya pansanja yachiwiri, imene sapatsana nayo moni.

Lipoti lake linamatidwa pakhoma la tiyirumu. Linati padoko palibe munthu wodikira boti, pali zinyalala. Nkhani yoti boti lichotsedwa anthu anaimva ndi makutu. Mawu oti zinyalala anawamva ndi mtima. Pansi pake panali chitonthozo: malamulo amafuna kuti chinthu chimene chagamulidwa kale kuti chichoke chiwerengedwe kawiri, choncho bwana Kafukufuku adzabweranso Lachinayi.

A Kalaliki anawerenga chikalatacho mpaka pa chidindo. Boti likachoka, anthu azikwera maminibasi a pamlatho, momwe munthu amakhala pamene wagwera. Sipadzakhala mzere, sipadzakhala benchi, ndipo madzi owanena kuti ali phee adzakhala kutali pansi pa mlatho. Mayi Telala ankakhala nyumba yoyang'anana ndi yawo, koma a Kalaliki sankadziwa njira ina yopitira kwa iwo kupatula yodzera pamadzi.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana, maondo ali kukhosi. A Butchala ananena kuti bwanayo angomugwira n'kumuviika pang'ono kuti adziwe kuti madziwo ndi enieni. A Ketulo anati tiyi wawo abwezedwe kaye. Mphunzitsi wina anayamba kufotokoza mbiri ya doko kuyambira pa asodzi, anthu n'kumukhazika pansi asanafike pa bandi. Kenako kumbuyo kunaimirira mayi Telala, amene chiyambire sanayankhulepo pamsonkhano. Anati iwo sadziwa za boma, koma akuona kuti bwanayo anabwera tsiku loipa, nsapato zinali zochepa ndi zakutha, n'chifukwa chake anazitcha zinyalala. Lachinayi aliyense atulutse nsapato zonse za m'nyumba mwake, zabwinozabwino zomwe, kuti bwanayo aone kuti kuno kuli anthu.

M'kalasimo munamveka kung'ung'udza kwa anthu amene auzidwa chimene ankachiganiza kale. Kwa iwo nsapato pamzere ndi munthu. Akhala akuipatsa ulemu, kuilambalala, ngakhale kuipepesa akaiponda. Komabe mitu yonse inatembenukira kwa a Kalaliki, munthu yekhayo amene anakhalapo m'mimba mwa boma n'kutulukamo wamoyo.

A Kalaliki anaimirira, desiki n'kuimirira nawo. Ankadziwa bwino lomwe kuti khonsolo imawerenga mitu, ndipo ngakhale mituyo imaiwerenga monyinyirika. Chofunika chinali choti anthu adzuke, akaime okha padzuwa ngati anthu a madera ena. Mawuwo anali okonzeka pakamwa. Koma mayi Telala anali atavala magalasi aja n'kumawayang'ana, ndipo aka kanali koyamba kuti awayang'ane pamtunda.

"Mayi anena zoona," anatero a Kalaliki. "Boma limakonda chinthu chokhala malo amodzi. Munthu amasuntha, amasokoneza chiwerengero."

Anthu anaomba m'manja. Ndipo popeza munthu amasokoneza chiwerengero, anagwirizananso kuti Lachinayi pasapezeke ngakhale mmodzi woonekera panja mpaka hutala italira, kuti bwana awerenge mwamtendere. A Butchala analonjeza kuti woswa lamuloli adzaonana nawo.

Madzulo ake, namwino uja akupakula chakudya, anawauza bambo ake osawayang'ana kuti iwo akudziwa kuti zimene agwirizanazo n'zamisala. A Kalaliki anayankha kuti nkhani za boma n'zozama.

"Ababa," anatero mwanayo, "silipasi yobiriwira ija idzakumizani."

A Kalaliki anatsamwa ndi madzi akumwa. Mkamwini, munthu waulemu, anayamba kuyang'anitsitsa mbale yake ngati mwalembedwa nkhani.

Lachinayi kunacha bwino, ndipo dera lonse linavula. Mzere unayambira padoko, unadutsa pa tiyirumu, unakhota pabutchala, unakwera msewu mpaka pageti la nyumba zamagalasi, pomwe mlonda anaukaniza kulowa. Munali nsapato za ukwati zovalidwa kamodzi, jombo za alonda, zampira zopanda minga, zazidendene zazitali zimene eni ake analeka atalowa kwaya, tinsapato ta makanda amene sanayambe n'kuyenda komwe. Amasiye anatulutsa nsapato za amuna awo, atazipolisha, ena akupukuta misozi, ena akuti kwa nthawi yoyamba bamboyo athandizeko pakhomo. Alendi a m'makhonde, amene kalembera sanawapezepo, tsiku limenelo analembetsa ndi mapazi onse awiri. Ambiri, pofuna kuti mzere utalike, anaika ndi zimene amayenera kuvala popita kuntchito. Kenako onse analowa m'nyumba. Msewu unati zii, makatani okha akugwedezeka.

Bwana Kafukufuku anafika ndi mpando wake. Anauyendera mzerewo mpaka kumtunda, manja ali kumbuyo, anaujambula ndi foni, anabwerera, anatambasula mpando, anatsegula buku, n'kuyamba kudikira munthu.

A Kalaliki ankaonera zonsezi kuseri kwa katani. Nsapato yawo yofiirira inali pamalo pake, kumbuyo kwa silipasi yobiriwira. M'chipwirikiti chonsecho icho chokha sanachilakwitse. Koma cholembera cha bwanayo sichinkayenda, ndipo a Kalaliki ankadziwa tanthauzo la cholembera chosayenda kuposa munthu aliyense m'deralo. Anapirira, anapirira, kenako anatenga chikwama, anatsika masitepe, n'kukaima pa nsapato yawo, munthu mmodzi wa tayi pakati pa nsapato za dera lonse. Kuchokera kubutchala kunamveka kutsokomola koopseza.

Bwanayo anadzutsa mutu, nkhope yake n'kuwala. Anali mmodzi wa anyamata amene a Kalaliki anawaphunzitsa kuboola mapepala, tsopano ali ndi mimba ndi chipewa.

"Achikulire! Ndinu kodi? Simunasinthe mpang'ono pomwe. Nanga tayi ndi chikwama mukupita nazo kuti, si munapuma inu? Ine ndi amene ndinakasankha wotchi ija."

Ananena mokweza, monga amayankhulira anthu okondwa. Chitseko cha tiyirumu chinali chotsegula pang'ono, ndipo m'katimo, pakati pa anthu obisala, munanyezimira magalasi olendewera pachingwe.

A Kalaliki anayesa kunong'ona kuti pali mafayilo ena. Bwanayo anaseka mwachikondi, nati mafayilo onse a nthawi yawo anadyedwa ndi chiswe chaka chomwe anachokacho, ndipo palibe amene anazindikira. Kenako anakumbukira ntchito, anakhala pansi, cholembera n'kuyenda. Anawerenga mokweza zimene ankalemba, mwina pofuna kuonetsa mphunzitsi wake kuti anaphunzira bwino: wodikira boti, mmodzi, wopuma pa ntchito, ulendo wosafunikira.

Apa a Kalaliki anaiwala ulemu wawo wonse. Anauza bwanayo kuti ayang'ane m'mazenera, kuti anthu ali mmenemo, nsapato iliyonse ili ndi mwini wake. Bwanayo anayang'ana, makatani onse n'kutsekeka nthawi imodzi, chifukwa anthu a m'derali akagwirizana chinthu amachisunga. A Kalaliki anayamba kukupiza manja kuwaitana kuti atuluke. A m'mazenera anaona mkulu wodziwa za boma akukupiza manja mwamphamvu, anamva kuti akuti bisalani kwambiri, ndipo ena anagona pansi. Bwana Kafukufuku ananena modandaula kuti iye akumvetsa, koma anthu a m'mazenera ndi a nthambi ya nyumba.

Hutala inalira. Buku linatsekedwa, mpando unapindidwa.

Zimene zinachitika pambuyo pake anthu amazikambabe. Dera lonse linatuluka lopanda nsapato, aliyense akusaka zake pamzere umene unalibenso mutu. Amene anaika nsapato m'malo angapo sankadziwa poti aime. Mlembi wina wa kubanki anapeza imodzi padoko, inzake ili kugeti la nyumba zamagalasi. A Butchala anathamangitsa galu amene ananyamula nsapato ya mkwatibwi. Woyendetsa boti analiza hutala mpaka inasasa mawu, kenako ananyamuka ndi anthu ochepa ovala nsapato zosiyana, ndipo bwana Kafukufuku, ngakhale sinali nthambi yake, anajambula botilo likuchoka pafupifupi lopanda anthu.

A Kalaliki sanakwere. Anatola nsapato yawo yakumanzere, osayang'ana kutiyirumu, n'kukwera masitepe pang'onopang'ono monga adokotala ankafunira.

Boti la m'mawa linachotsedwa mwezi usanathe. Analipenta loyera, ndipo tsopano limayendetsa anthu a nyumba zamagalasi Loweruka, akafuna kujambulitsa pamadzi. Chithunzi cha nsapato chija chinayenda m'maofesi mpaka chinafika ku nthambi ya misika, imene inazindikira msanga kuti padoko pabuka msika wa nsapato wopanda chilolezo. Popeza msika sungakhale pamtetete, nthambiyo inatumiza amisiri, ndipo pamwamba pa mwala wa maziko uja panayamba kukwera shedi. A Ketulo anasowa potsukira makapu.

A Kalaliki anavula tayi. Ankakhala m'chipinda atavala malaya a m'kati, kumvera adzukulu akukangana, kumvera msewu ukudzuka popanda iwo. Anthu sanawakalipire, m'deralo aliyense anaikapo nsapato, ndiye panalibe woyamba kuloza chala. Koma iwo ankadziwa chimene anachita: anagulitsa boti la dera lonse kuti mayi wina awayang'ane kamodzi, ndipo mayiyo tsopano akudziwa kuti chikwama chija munali nyuzipepala ya dzulo. Namwino anawayeza magazi, anawapeza alibe vuto, nanena kuti matenda amenewa kuchipatala kwawo alibe mankhwala ake.

Chizolowezi chokha n'chimene sichinapume. M'mawa wina miyendo inawatengera kuseri kwa katani isanawafunse. Padoko panali amisiri akukhoma malata, ndipo pafupi ndi madzi, pomwe mzere unkayambira, panali silipasi yobiriwira, yokhayokha, ikudikira boti limene kulibe.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaganiza kuti mwina mayiwo aiwala kuti boti linachoka, koma mayi Telala sanali munthu woiwala ngakhale pini. Anaganiza kuti mwina ndi msampha wa a Butchala. Kenako anapeza kuti manja awo amanga kale tayi. Anatenga nsapato yofiirira pansi pa bedi, anatsika, anadutsa amisiri aja, n'kuiika kumbuyo kwa silipasi mosamala, ngati akuika chidindo.

"Mwachedwa," anatero mawu kuchokera pakhomo la tiyirumu. Mayi Telala anali pa benchi, chikwama cha kuntchito chili pamwendo. Kumbuyo kwawo a Ketulo ankapukuta kapu imodzimodzi imene inali itauma kale.

A Kalaliki anayamba kufotokoza. Anati ayenera kupepesa pa nkhani ya ntchito, popeza panali kusamvetsetsana pang'ono pa za udindo wawo kutsidya. Mayiwo anawasiya kuti azungulire mpaka atatopa, kenako anawauza kuti kuntchito kwawo kutsidya makina awo osokera ali pazenera, ndipo zeneralo linayang'ana pabwalo la khoti. Benchi ija amaiona tsiku lonse. Amadziwa nthawi imene a Kalaliki amasinza, amadziwa kuti tsamba la masewera amalidumpha, ndipo atsikana a kuntchito kwawo anawapatsa kale dzina, koma dzinalo sawauza. Anawonjezera kuti silipasi sankaiika mwachisawawa. Ankayamba aona kaye ngati katani ya pansanja yachitatu yagwedezeka.

A Ketulo sanathe kupirira. Anati nanga a Butchala ankalowetseranji gambutsi pakati, munthu woti boti sakwera n'komwe, ntchito yake ili pakona pomwepa? Ankangofuna kuona mkulu wa boma akumanga chingwe cha nsapato yopanda chingwe. Tiyirumu yonse inkadzaza pa nthawi imeneyo, ndipo tiyi ankayenda malonda.

A Kalaliki anayang'ana nsapato za kumapazi kwawo. Zinalidi zopanda zingwe. Anafunafuna mawu, napeza okhawo amene anali nawo: anati boti lija anachotsetsa ndi iwo, chifukwa ankadziwa kuti maganizo a nsapato aja sangagwire ntchito.

"Ndinaona pankhope panu m'kalasi muja kuti ndanena zopusa," anatero mayi Telala. "Ndinkadikira kuti munditsutse. Mwamuna wovomera chilichonse amatopetsa, bambo. Musadzabwerezenso."

Mawu oti musadzabwerezenso a Kalaliki anawatembenuza m'mutu mwawo ngati kalata ya kukwezedwa pa ntchito. Munthu sauzidwa zimenezo ngati palibe mawa.

Mayiwo anaimirira, anatola silipasi yawo, anaiyang'ana, n'kuiponya mu mgolo. Anati masiku ano akuvutika ndi minibasi ya pamlatho. Kusiteji kulibe mzere, kuli zigongono, ndipo nsapato ukaisiya pampando kondakitala amaiponya pazenera. Iwo sangathe kulimbana ndi anyamata m'mawa uliwonse atanyamula chikwama. Chimene chikufunika ndi munthu wopanda chochita, wodzuka m'mawa, woti azikalowa msanga n'kusunga malo.

"Ndi thupi," anatero. "Osati nsapato."

Mawa lake anthu a kusiteji anaona zachilendo. Minibasi itangoima, mkulu wina wa tayi analowa pakati pa anyamata ngati mpeni, chigongono uku, chikwama uku, n'kukagwera pampando wa pazenera. Anadzitambasula, miyendo uku ndi uku, chikwama pambali. Kondakitala atamuuza kuti asendere, mkuluyo anayankha ndi mawu a muofesi kuti malowo ali kale ndi mwini wake ndipo nkhaniyo inatsekedwa. Mayi Telala anabwera osathamanga, anakhala, nachotsa kaulusi paphewa la jekete ngati ndi lawo.

Pamlatho magalimoto anali atatsekana, a nyumba zamagalasi ndi maminibasi omwe, onse ofanana pamaso pa mlatho. Ulendo umene boti linkaumaliza tiyi asanazizire tsopano unkadya m'mawa wonse. M'minibasimo anthu ankatukwana khonsolo, ankatukwana bwana Kafukufuku ndi mpando wake, ena akuyang'ana mawotchi, ena akuimba mafoni kunamiza mabwana awo kuti atsala pang'ono kufika. Munthu mmodzi yekha ndi amene ankaoneka ngati wapatsidwa mphatso. A Kalaliki anasuzumira pazenera, kuyang'ana pansi patali, anakonza kukhosi, nanena kuti lero madzi ali phee.

"Zamadzi tinamaliza, bambo," anatero mayi Telala, akuvala magalasi. "Yambani zina. Mlathowu sitiwoloka msanga."